Mafuta a galimoto ya tebo akutha, akuganizira ine

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndipo pa galaja panu ntchito ikupezeka. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndalemba kalata chifukwa foni ndili nayoyi ndi ya ntchito, ndipo sindidziwa ngati bwana amatha kumva zomwe ndimayankhula. Mlonda wathu akuti sizingatheke, koma iye amati sizingatheke pa chilichonse.

Nkhani ndi ya galimoto. Miyezi iwiri yapitayo bwana anagulitsa yakale ija, nanditenga kokagula ina. Anakonda ziwiri. Ina yotsika, ya injini wamba yaikulu. Ina yokwera m'mwamba, ya injini yaing'ono koma ya tebo, kachipangizo kaja kowonjezera mphamvu ya injini. Wogulitsa anati ya teboyo mphamvu zake n'zofanana ndi za yaikulu ija koma imamwa ngati mwana, natiwonetsa pepala lonena kuti lita imodzi imayenda makilomita khumi ndi asanu. Bwana anati popeza woyendetsa ndine, ndisankhe. Ine amene sukulu ndinalekezera panjira, kufunsidwa pamaso pa anthu ovala mataye. Ndinaloza ya tebo. Mpaka lero sindidziwa chimene chinakweza dzanja langa.

Pano galimotoyo ikuyenda makilomita asanu ndi anayi pa lita, tsiku lina asanu ndi atatu. Bwana sanandikalipire, ndipo n'zimene zikundiopsa. Angoyamba kufunsa ngati ndili ndi mnzanga wa njinga yamoto. Dzulo ndinawapeza ataweramira pa kachitseko ka thanki, akununkhiza. Wophika wandiuza kuti dalaivala amene ndinalowa m'malo mwake anachotsedwa chifukwa cha kapaipi ndi chigubu, ndipo naye zinayamba ndi mafunso omwewa. Anawonjeza kuti pochoka ndidzamusiyire nsapato za ntchito, akuti zimamukwana. Iye anaseka. Ine tsiku limenelo sindinadye.

Achimwene, sindinabe ngakhale dontho. Koma pali zomwe ndimachita zimene bwana sazidziwa. Pondiphunzitsa pa lole ija munkati tebo safuna kudzidzimutsidwa. M'mawa uyilize, uyisiye itenthe. Ukafika usazimitse msanga, ipume kaye, apo ayi ipsa. Tsiku limene ndinaiwala munandipatsa mbama yomwe khutu likuikumbukirabe. Ndiye m'mawa uliwonse ndimailiza mphindi makumi awiri bwana akadali kubafa. Ndikawasiya ku ofesi ndimaisiya ikulira mphindi khumi. Kusukulu ya ana chimodzimodzi, kumsika ndi adona chimodzimodzi. Tsiku lina ndinawerengetsa, linakwana ola ndi theka ikungolira chiimire.

Chinanso, galimotoyi imazima yokha pa maloboti. Tsiku loyamba ndinatuluka thukuta, ndinkayesa ndaipha. Ukachotsa phazi pa buleki imadzukanso. Ndinapeza kabatani koletsa zimenezi, ndipo ndimakadina ndikangolowa, poti kuzimazima kotere ndi kumene munandiletsa.

Safunsa anadya phula, ndiye ndinapita kwa makaniko wa pa galaja yapafupi. Anaseka mpaka kukhala pa tayala. Akuti tebo za masiku ano si za malole akale, mphindi imodzi yakwana, ndipo mafutawo ndikuwotcha ndine ndi mantha anga. Akutinso za papepala zija amayesera pa msewu wopanda mzere wa magalimoto, mopanda ana anayi kumbuyo ndi choziziritsa, ndipo injini yaing'ono ukaiponda moto imatha kumwa kuposa yaikulu. Apo ndinakumbukira kuti Loweruka bwana amayendetsa okha, ndipo amakonda kumva kakhweru ka tebo pa chitunda. Koma ndingayambire pati kuwauza zimenezo? Komanso makanikoyu sindikumukhulupirira kwenikweni. Tebo ikapsa wodyerapo ndi iye, ndipo wanena yekha kuti yatsopano mtengo wake ndi malipiro anga a miyezi yambiri.

Tsopano bwana anena kuti Lolemba likudzali adzadzaza thanki okha, ndipo sabata yonse makiyi azikhala m'thumba mwawo. Azindipatsa pokwera, azitenga potsika. Ndiye kuti sindidzatha kuitenthetsa kapena kuipumitsa. Mafuta akakhalitsa sabata imeneyo, adzati ndinkaba. Tebo ikapsa, adzati ndinasankha ndine. Ndayesa kuganiza mbali zonse, palibe kumene ndikutulukira.

Pempho langa ndi limodzi. Mundilembere pa pepala ndi dzanja lanu kuti ndinu munandiphunzitsa kutenthetsa ndi kupumitsa tebo, ndipo munene zoona zake pa galimoto zatsopanozi, ngakhale zitakhala kuti makaniko uja akunena zoona. Mudindepo chidindo cha galaja yanu. Mupatse kondakitala yemwe wabweretsa kalatayi, amabwerera kuno Lachisanu. Ndikufuna ndikagogode kwa bwana Lamulungu, Lolemba lisanafike, pepalalo lili m'manja. Ndikaima pamaso pawo wopanda kanthu mawu amandithawa, ndipo ndimaoneka ngati wolakwa ngakhale pamene andifunsa nthawi.

Mwina adzandichotsabe. Koma kuli bwino ndichoke ngati mbuli kusiyana ndi kuchoka ngati wakuba, chifukwa mbuli imakalembedwanso ntchito pa geti lina.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Amayi musawauze zimenezi. Akafunsa, muwauze kuti ndikuyendetsa galimoto yatsopano, limenelo si bodza.

Mutsale bwino, ndipo chonde basi ya Lachisanu isakusiyeni.

Ine mng'ono wanu,
uja mumamuti Kamtima