Everton ali pamwamba pa katani

[14:02] Loyce: twambi zoona zomwe akunena kutchalitchi? ati amalume ako a Rogers akuweta nyani mu flat

[14:03] Twambi: si nyani ndi kapusi kakang'onooo, marmoset. dzina lake Everton. usauze munthu plz, alibe licence

[14:03] Loyce: iweyo kusunga chinsinsi?? 😂

[14:04] Twambi: miyezi 4 mwali, sindinauze aliyense. pano ndili konkuno ku flat yawo ku Nechells ndikukadyetsa, iwo ali pa shift ku Coventry

[14:19] Twambi: loyce

[14:19] Twambi: block yonse ikununkha gas. a fire abwera, akuti aliyense atuluke. lift atseka, ine ndili 9th floor

[14:20] Loyce: TULUKA

[14:21] Twambi: ndinakatsegulira khola lake kuti kadye, alarm italira kathawira pamwamba pa katani. kakungolira

[14:23] Twambi: pa fridge amalume anamata pepala, emergency plan. 1 muike Everton mu carrier, kabokosi komunyamulira. 2 hot water bottle, amafa ndi kuzizira. 3 imbira vet

[14:23] Loyce: nde muike

[14:26] Twambi: carrier yo palibe!! ndawaimbira sakuyankha, pa shift foni saloledwa

[14:31] Twambi: ayankha, ona

[14:31] Twambi: ↪ Forwarded: Mwanawe carrier ija ndinalongedzamo nsapato za ana, inapita ndi container ku Lilongwe. Usatsegule chitseko asanalowe penapake. A council akadziwa nyumba yapita, zikafika kuntchito visa nayonso

[14:32] Loyce: nsapato 😭 nanga vet?

[14:32] Twambi: analemba vet basi, nambala sanalembe

[14:34] Loyce: musiye atsale, tseka chitseko utsike

[14:35] Twambi: ndawafunsa zomwezo. ati magetsi akazimitsa heater yake izima, Everton safika mawa ali moyo. kenako ati chonde mwana wa mlongo wanga. sanayambe andiuzapo chonde

[14:36] Twambi: 🎤 voice note (0:14) "Everton bwera, bwera dadi, tenga grape iyi... aaa iwe! wandiluma, wandiluma chala!"

[14:37] Loyce: twambi??

[14:41] Loyce: missed voice call

[14:44] Loyce: ndiyankhe ndikuuza mayi ako

[14:48] Twambi: usawauze. ndamugwira ndi pillowcase, ndamulowetsa mkati mwa hoodie. mutu ukundipweteka

[14:48] Loyce: ndi gas yo chitsiru iwe, tsika

[14:49] Twambi: ndasuzumira pawindo. onse ali pa car park, anti Mabel a kutchalitchi kwathu ali kutsogolo foni mmwamba akujambula aliyense wotuluka. hoodie yanga ikuyenda yokha loyce

[14:50] Loyce: bola akujambule uli moyo

[14:51] Twambi: a fire akugogoda

[14:51] Twambi: amalume last seen 14:35

[14:53] Twambi: ndatsegula. wa fire wandigwira mkono, tikutsika. 7th floor

[14:54] Twambi: ndi mzimayi, wabwinobwino. waona magazi pachala, ndamuuza kuti ndi mphaka

[14:55] Twambi: 4th. Everton wayamba kulira mokweza, ndikunamizira kutsokomola

[14:56] Twambi: waima pa masitepe. akuti kuluma uku si kwa mphaka, a ambulance ayenera kudziwa chandiluma kuti andipatse mankhwala oyenera. akuyang'ana hoodie

[14:56] Twambi: akudikira yankho

[14:56] Twambi: ukanakhala iwe, amalume ako, ukanamuuza chani?