Mapulogalamu Asanu ndi Ukwati wa Peggy

Lusaka
10 Ogasiti 1998

Okondedwa alongo anga a Gladys,

Monire nonse ku Magodi. Muli bwanji, nanga mwendo wa amama uja unaphwa? Ine m'thupi ndili bwino, mutu wokha ndiwo wazungulira.

Kalatayi ndapatsira a Whiteson kuti ifike msanga, poti ikukhudza ukwati wa Peggy Loweruka lino. Ndinalonjeza kudzamupereka m'tchalitchi m'malo mwa malemu adada, koma abwana akuti sindichoka mpaka ntchito ina ithe.

Ntchitoyo ndi yowerengera mvula ya zaka makumi atatu. Kompyuta yathu ndi yaing'ono, choncho pulogalamu timaiyendetsa pa kompyuta yaikulu ya ku Joni kudzera pa chingwe cha telefoni. Makinawo sindinawaonepo ndi maso. Kuwerengako kumatenga masiku anayi, koma ikakwana faifi koloko a Esau, osunga makiyi a ofesi, amazula chingwecho n'kuchitsekera m'kabati, pulogalamu n'kufera pomwepo. Nditawachonderera anandiyankha kuti anayamba kutsekera chingwe ine ndisanamere ndevu.

Mnzanga Yunike anandilembera kamawu kakuti nohup, nati ndikakaika patsogolo pulogalamu izipitirira ngakhale chingwe chizulidwe. Ndinafunsa kuti aziiyang'anira ndani, iye anangoseka. Lolemba lapitalo ndinachita momwemo. Lachiwiri nditalumikiza, pagalasi panalibe chilichonse. Inu mukudziwa kuti pamene chimanga sichinamere timapakiza, ndiye ine ndinaiyambitsanso. Lachitatu chimodzimodzi, mpaka Lachisanu, tsiku lililonse kupakiza.

Osadziwa kuti zonse zisanu zinali zamoyo, zikulimbirana malo kuseri kumene ine sindikuona. Eni makina anaimbira abwana kuti kompyuta yawo yayamba kukwawa, ndipo anazizimitsa zonse, ngakhale ya Lolemba ija imene inali pafupi kutha. Manyazi amene ndinachita, alongo, musafunse.

Lero m'mawa ndayambitsa imodzi yokha, Yunike ataimirira kumbuyo kwanga. Wandionetsa kafayilo kamene pulogalamuyo imalembamo pamene yafika, koma ngakhale pano sindikumvetsa kuti chinthu chingagwire bwanji ntchito mwini wake atatseka chitseko. Akuti itha Lachisanu m'mawa. Basi ya ku Chipata imanyamuka sikisi koloko, a Esau amatsekula kabati eyiti.

Ndinauza abwana kuti popeza ikuyenda yokha, andilole ndinyamuke, zotsatira adzatenge Yunike. Anati pulogalamuyo angaikhulupirire ili yokha, koma ine ayi.

Pempho langa ndi ili. Mukawauze amalume a Ezron achapiretu jekete lawo. Ine ndiyesa magalimoto a masana, ngakhale lole, koma mukaona belu lalira ine ndisanatulukire, ukwati usaime. Amalume amugwire dzanja mwanayo alowe. Peggy musamuuze msanga, angayambe kulira sabata yonse. Chikundipweteka n'chakuti adada ali m'chipatala anandigwira mkono nandiuza kuti Peggy ndidzamupereke ndine, ndipo ndinavomera.

Mupereke moni kwa amama, alamu anga a Haswell, azakhali a ku Mwase ndi ana onse. Nsapato za mkwatibwi zili m'chikwama cha a Whiteson, aziyese zikangofika.

Ndine mlongo wanu wosokonezeka,
Bornwell