Unkhoswe ukundithetsera banja

Agogo,

Ndine bambo wa zaka 46, ndimanyamula katundu wa alendo okwera phiri kuno ku Likhubula. Masiku ambiri pa sabata ndimakhala m'phiri, chikwama kumsana. Koma chondipha si phiri ayi, ndi unkhoswe. Ndine nkhoswe wa mabanja khumi ndi awiri. Anthu amati ndili ndi pakamwa pabwino, ndipo ine kukana munthu kumandivuta. Ndikangotsika Lachisanu, nsapato ndisanavule, ndimapeza anthu ali kale pakhonde, nkhope zili ndwii.

Mwezi watha ndinachita manyazi. Tinali pa mlandu wa mng'ono wanga Mackson ndi mkazi wake, nkhani yake ya mbuzi imene Mackson anagulitsa osafunsa. Ali mkati mofotokoza, tulo tinandiba. Atandigwedeza kuti ndiyankhulepo, ndinadzidzimuka n'kunena kuti, "Iwe, mkazi wa ku Chitakale uja umusiye!" Agogo, imeneyo inali nkhani ya banja lina, ya dzulo lake. Mpaka lero mlamu wanga sakukhulupirira kuti Mackson alibe chibwenzi.

Tsopano zafika kwanga. Akazi anga a Janet anandiuza kuti, "Bambo a Honest, mukuzima moto wa eni pomwe kwanu denga likupsa. Mwezi uno mukapanda kusintha, ndiitana ankhoswe athu." Ine ndili pachikamwini, ndiye mukudziwa amene adzanyamule bulangete. Mutu umandiwawa, ana ndimangowakalipira, ndipo ndikafika kuchipinda ndimangoti khu ngati thumba la chimanga. Akazi angawa ndimawakonda, ndipo ndili ndi mantha. Koma ndikayamba kukana, anthu adzati ndanyada. Nditani?

G.M., Likhubula, Mulanje

A G.M.,

Mundikhululukire, ndayamba ndaseka mpaka misozi. Mabanja khumi ndi awiri! Kodi ndinu nkhoswe kapena bwalo la milandu? Ngakhale khoti la pa Boma limatseka Loweruka ndi Lamulungu.

Musapite kwa sing'anga, palibe wakulodzani. Mwangotopa basi. M'phirimo ndinu amene mumauza alendo kuti akhale pamwala, apume, amwe madzi. Nanga inu munapangidwa ndi chitsulo? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo inu mwagwa kale, mwagwera m'bale wanu wosalakwa.

Yambani ndi kukonza zimene munawononga. Tengani nkhoswe wa kuchikazi, mukapepese kwa mlamu wanuyo maso ali gwa. Dzina la mwini chibwenzi cha ku Chitakale musalitchule, mwaulula zokwanira.

Kenako chepetsani mabanjawo. Mutsale ndi awiri kapena atatu a abale enieni, enawo muwauze poyera kuti apeze wina. Kodi pamtundu panu amalume anatha? Musankhenso tsiku limodzi pa sabata losamva mlandu, losakwera phiri. Mugone, mudye pamodzi ndi ana, mukhale pansi ndi a Janet muwafunse mmene agonera. Wobwera ndi dandaulo tsiku limenelo mumuuze kuti abwere mawa. Mudzadabwa kuona kuti ena, akagona nayo nkhaniyo, amagwirizana okha. Koma ngati wina akumenyedwa kapena kuopsezedwa, imeneyo si yodikira mawa, ipite kupolisi.

Mutuwo ukapitiriza, pitani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi. Musamangomeza mapanado ngati mtedza.

Adzati mwanyada? Anene, pakamwa ndi pawo. Chimene muyenera kuopa ndi tsiku limene a Janet adzasiye kudandaula, chifukwa mkazi amene akukalipa ndiye kuti akadakufunani. Akupatsani mwezi, musayese kuwonjezera sabata. Akakupitikitsani pamudzipo, anthu onse mukuwaferawa adzabwera ndithu, koma kudzaonerera. Mawa lake adzasankha wina, poti palibe amene amafuna nkhoswe woti lake banja linamukanika.

Agogo