Pongali wa Kukachisi ndi Maso a Bambo

Lolemba, 16 Disembala

Chifunga. Mphepo yolowa m'makutu. Nyimbo za kukachisi zayamba tambala asanalire, wamkaka akuliza belu la njinga, Mayi akusesa pakhomo. Mwezi wopatulika wa Margazhi uwu, ndiye kuti mpunga wotsekemera uja, pongali, m'mawa uliwonse kukachisi. Bambo ayambanso kupemphera mwakhama. Miyezi ina yonse Mulungu amangomva mbiri yawo.

Chaka chachisanu ndi chimodzi Bambo akudwala shuga. Mayi amawanyadira: tiyi wopanda shuga, madzi owawa a nimu, osadandaula.

Bambo ndawalowetsera ulusi m'singano zisanu ndisanapite kusukulu. Telala wosaona diso la singano. Mayi sakudziwa.

Lachinayi, 19 Disembala

Ndinawatsatira Bambo kukachisi. Timbale tatsamba titatu ta pongali! Kachitatu anati n'ka mkazi wawo, n'kudyera kuseri kwa chipilala. Atandiona sanachite n'komwe manyazi. "Chimene chadutsa pamaso pa Mulungu si shuganso, Kathir. Amakuphunzitsani chiyani kusukuluko?"

Loweruka, 21 Disembala

Kalata ya kuchipatala cha maso. Akufuna odwala shuga amene maso awo akuoneka abwino. Adzatenga magazi, adzajambula mkati mwa diso kuyeza mpweya wa m'mitsempha. Lachiwiri.

Bambo aganiza zowapusitsa madokotala. Masiku atatu nimu yekhayekha, kukachisi osapita. Mulungu ali patchuthi.

Lachiwiri, 24 Disembala

Sindinapite kusukulu. Mankhwala odontheza m'maso amachititsa khungu kwa maola angapo, pamafunika wowagwira dzanja.

Dokotala Vasuki, wamfupi, wosathamanga polankhula. Anafunsa ngati amaona bwino. Bambo: "Amayi, ine ndimaona nyerere ili pansonga ya kachisi." Dokotala anayang'ana ine.

Ndinanena. Za singano. Za timbale titatu. Pakamwa panangotseguka pokha.

Akuti magazi amakumbukira miyezi itatu, nimu wa masiku atatu sawanamiza. Ndiye si Margazhi yekha, pali zina zomwe ngakhale ine sindikudziwa. Pachithunzi mitsempha ngati mizu. Akuti mpweya ukulowa m'diso n'kubwerera wambiri osagwira ntchito, kumbuyo kwa diso sikukudya mokwanira. Bambo anayesa nthabwala: "Ndiye diso likusala kudya, mwini wake ayi." Palibe anaseka. Dokotala akuti kudakali m'mawa, zitheka kuzigwira. Akapitiriza, makina osokera agulitse.

Pobwerera dzanja lawo paphewa langa, lolemera. Kuchokera pachipata mpaka kunyumba, mawu awiri okha: "Pali dzenje?"

Lachisanu, 27 Disembala

Sakundilankhula. Ulusi akulowetsa okha, mphindi khumi pa singano imodzi, lilime kunja. Mayi alira, kenako akalipa, kenako awonjezera nimu.

Ndikanakhala chete kodi? Ayi. Koma kuwawa.

Lamlungu, 5 Januwale

Bambo anandidzutsa ndi chala cha kuphazi. "Dzuka, kazitape, ukachitire umboni."

Chopatsidwa kukachisi sichikanidwa, aliyense akudziwa. Wansembe Sundaresan, mnzawo wa Bambo wa kusukulu, anadzaza kambale mpaka kusefukira monga mwa masiku onse. Bambo analandira ndi manja awiri, n'kukagunditsa pamaso onse awiri. Anatsina kakang'ono, kochepa kuposa batani la malaya. Anatafuna nthawi yaitali kwambiri. Wansembe anawatchula dzina: "Pazhani, Mulungu wakulakwira chiyani?" Bambo, akundiloza: "Funsa dokotala wangayu."

Anandipatsa kambale kuti ndinyamule. Njira yonse maso awo pa iko, osati pamsewu.

Tinafika kunyumba dzuwa likutuluka. Ine, Bambo, ndi pongali yense, kupatula kabatani kaja. Mayi anamudya ataima pakhomo, Bambo akuyang'ana kwina. Kenako Bambo anandipatsa singano.