Akuti Kambale Kanga ndi Misala

Zengeza, Chitungwiza
Lachiwiri

Tete,

Lachisanu lino akufuna kundilanda Makanaka. Apongozi anga amulongedzera kale zovala m'chikwama. Akuti mwana apite kumudzi kwawo ku Mutoko, ine akandisiye kwa mneneri wa mpingo wawo kumatanthwe mpaka ndichire. Kumeneko mankhwala a kuchipatala salowa, amawatentha munthu asanakhale pansi. Ndinamva ndekha dzulo ndikuchapa matewera kuseri kwa nyumba, iwo akupangana ndi mlamu wanga Sekesai m'khitchini.

Pepani, ndayamba ndi zimenezi osakupatsani moni. Muli bwanji, azakhali anga? Mwendo uja ukukulolani kupita kumunda? Ine m'thupi ndili bwino, m'mutunso ndili bwino. Ndikudziwa kuti wodwala aliyense amanena chonchi, nchifukwa chake ndikupempha muwerenge mpaka pansi. Kalatayi ndapatsira Mai Panashe ogulitsa tomato, akukwera basi ya kwanu ku Jerera mawa. Foni yanga ili ndi apongozi, akuti imandisokoneza mutu.

Mukukumbukira mmene ndinalili nditangobereka. Ndinkakana chakudya, ndinkati andithiriramo poizoni. Mbale za m'nyumba muno sindinkazikhudza. Ndinkangotuluka n'kumayenda, mpaka anakandipeza kumsewu wa ku Seke ndilibe nsapato. Mapiritsi a kuchipatala ndi amene anandibweza. Mawu ndinkamva m'mutu aja anatha, mwana wanga ndinayamba kumudziwa.

Koma mapiritsi omwewo amabweretsa njala imene sindinaionepo chibadwire. Ndimadya n'kukhuta, ndikangotsuka mbale m'mimba mukuitananso. Siketi munandisokera ija ikukanira m'ntchafu. Tsiku lina kondakitala wa kombi anandifunsa ngati ndilipirire mipando iwiri, anthu n'kuseka. Apongozi okha ndiwo ankakondwera. Ankauza anzawo a kumpingo kuti taonani mmene ndamusamalira muroora wanga, mkazi wa mwana wangayu, anabwera muno ali ngati bango.

Mwezi watha anandiyeza magazi, akuti shuga wafika pakhomo, watsala n'kugogoda. M'maganizo ndinaona Baba, mlongo wanu, atagona pa bedi lija atawadula mwendo chifukwa cha shuga yemweyo. Ndinapempha adokotala kuti ndisiye mapiritsi. Anakana, akuti ndikasiya ndibwerera kumene ndinachoka. M'malo mwake ananditumiza kwa mlangizi wa zakudya, dzina lawo Mai Mhike.

Mayi amenewa sanandinyoze. Anandifunsa zimene timadya kunyumba kuno, osati za anthu olemera. Anatenga dzanja langa n'kulipinda chibakera, akuti sadza, nsima yako, izithera apa. Theka la mbale likhale masamba, pambali nyemba kapena matemba. Tiyi ndichepetse shuga, zakumwa zotsekemera ndi mandasi ndisiye. Njala ikandigwira pakati, ndimwe madzi kaye, kenako gwafa kapena mtedza pang'ono. Anandiuza ndigule kambale kakang'ono, chifukwa kakadzaza maso amakhuta msanga. Ndiponso m'mawa uliwonse ndiziyenda ndawala, mwana kumbuyo. Potsiriza anati, "Iwe sindiwe wosusuka ayi, mwanangu. Ndi mankhwala akukuitanira chakudya." Ndinalira, Tete, chifukwa ndinkadziona ngati nkhumba.

Ndinachita zonse. Sikelo inaima, kenako inayamba kubwerera pang'ono. Mawondo anasiya kulira ndikamadzuka pamphasa.

Poyamba ndinkadyera kukhitchini ndekha, palibe ankaona. Lamlungu lina, masabata awiri apitawo, kunabwera alendo, apongozi anapha nkhuku, anandipakulira phiri la sadza ndi chikopa chonona pamwamba. Ndinathokoza n'kuwomba m'manja bwinobwino, ndinatapako pang'ono n'kuika m'kambale kanga. Onse anayang'ana kambale kaja.

Apongozi anati, "Muroora, m'mbale zanga mwalowanso chiyani?"

Ndinafotokoza za Mai Mhike. Sekesai anaseka mpaka kutsamwa. Anati, "Ndiye kuti kuchipatala kuli munthu amalandira malipiro pouza anthu kuti asamadye? Maiguru, alamu anga, ntchito imeneyo mukandifunsireko, ine ndingaithe."

Apongozi sanaseke. Anayang'ana alendo aja n'kunena motsitsa kuti paja zinayamba chonchi.

Taganizani, Tete. Zonse zimene andilangiza kuchipatala zikufanana ndi zimene ndinkachita ndikudwala. Ndikasiya chakudya, akuti ndayambanso kuopa poizoni. Kambale kanga, akuti ndikuthawa mbale zawo. Kuyenda kwa m'mawa, akuti ndayambanso kuyendayenda, tsiku lina ndikataya mwana kumsewu. Ndikafotokoza, akuti tamumvani kulongolola. Ndikakhala chete, akuti tamuonani wangoti ndwii. Tsopano geti amakhoma, kiyi ali pa lamba wa diresi lawo.

Ndinayesa kuwagonjera. Ndinadya zonse zimene anandipakulira, mpaka kunyambita. Sekesai anati ndikudya mochenjera kuti ndiwapusitse. Kambale kaja apongozi akabisa, sindikudziwa kuti.

Musaganize kuti ndikuwada. Ndili m'chipatala ndi iwo amene ankagona ndi mwana wanga Maka, kumumwetsa mkaka wa m'chitini, kumuchapira. Akuopa, monga inenso ndikuopa. Koma amakhulupirira kuti anandichiritsa ndi madzi a mneneri, mapiritsi amangondilemetsa thupi. Kwa iwo kunenepa kwanga ndiko kunali umboni woti ndachira. Ndikatsika pa sikelo, amaona matenda.

Mwamuna wanga Tichaona, bambo a Maka, ali paulendo ndi lole ya kuntchito, apita ku Lubumbashi. Ataimba foni, apongozi analankhula nawo okha. Ndinali pafupi, ndinamva Tichaona akuti Amai, inu ndinu amene muli pomwepo, chitani zimene mukuona. Sanafunse n'komwe kuti andimve mawu.

Lero anandilola kupita ndi mwana kusikelo, Sekesai akundilondera. Iye atatanganidwa ndi foni yake pabenchi, ndinalowa kwa Mai Mhike. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Akuti ndibwere ndi munthu wamkulu wa kunyumba Lachinayi, iwo ndi adokotala amufotokozere pamodzi, ndipo mapiritsi ndisadumphitse ngakhale zivute bwanji. Nditawauza apongozi, anati sangakaphunzitsidwe kupakula ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo.

Inu mukudziwa kuti muroora sakokana mawu ndi apongozi. Ndikakweza mawu kamodzi kokha, ndawapatsa umboni. Koma tete akakhala pamphasa, amamvedwa. Ndinu amene munandiperekeza m'nyumba muno, ndipo apongozi amakupatsani ulemu. Mukati tiyeni tonse kuchipatala, sangakane pamaso panu.

Mapiritsi ndawasokerera mu mpendero wa nsalu yoberekera mwana, chifukwa a m'kabati anayamba kuchepa ndisanamwe. Ndikudziwa kuti akawapeza anena kuti ndayambanso kubisa zinthu. Ndikumwa tsiku lililonse.

Pali chimodzi chimene sindinauze wina aliyense. Chiyambireni zonsezi, tulo sitikubwera bwino. Adokotala anandichenjeza kalekale kuti kusagona ndiko khomo la matenda anga. Ndikuopa kuti mantha omwewa andidwalitsadi, iwo n'kudzati suja tinkanena.

Mupereke moni kwa Amai, koma musawauze zonse, mtima wawo mukuudziwa. Moni kwa malume anga Sekuru Jerifanosi, kwa achimwene anga ndi akazi awo, ndi ana onse a pakhomo. Maka wamera mano awiri, akuimirira chogwira mpando. Ngati muli ndi mfutso wa nkhwani munditengereko, Mai Mhike akuti ndi wabwino kwa ine.

Tete, inu munandiona nthawi ija, maso anga mukuwadziwa mmene ankaonekera. Bwerani mudzandiyang'ane. Mukaona kuti ndayambiranso, sindikana, munditengere nokha kuchipatala, osati kumatanthwe. Mukaona kuti ndi ine ndemwe, mudzakhale pakati pa ine ndi chikwama chija. Musadikire kukolola, musadikire kuti mwendo upole. Kwerani basi yomwe yabweretsa kalatayi ikamabwerera, Lachinayi likupezeni kuno.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Shuvai, Mai Makanaka