Feteleza pa Mabankisiya

Strathalbyn,
14 Febuluwale 2020

Okondedwa achimwene a Desmond,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Canada sichinakuumitseni zala, popeza kulemba munasiya kalekale. Ife kuno dzuwa latiwamba, mvula yatikana.

Kapinga wa Bambo uja kulibenso. Musakwiye. Madzi akuvuta, ndipo udzuwo unali utafiira ngati chiguduli. Ndinauzula wonse n'kudzala zomera zakutchire kwathu konkuno, mabankisiya ndi tizitsamba tosafuna kuthirira. Bulugama wakuseri kwa nyumba nayenso tinagwetsa. Chiswe chinamudya m'kati, ndipo analamula ndi Bambo eni ake, kuopa kuti angagwere denga. Nthambi tinazigaya n'kuyala pansi kuti chinyezi chisathawe, thunthu lake a Stavros, kalipentala woyandikana nafe uja, anapangira benchi yokongola ndithu. Akuti ngakhale inu ndi mimba yanuyo ingakunyamuleni.

Zonsezi ndikungozungulira, achimwene. Nkhani ndi Bambo.

Mabankisiya anagwira bwino, koma mwezi watha anayamba chikasu, kenaka kuuma limodzilimodzi. Ndinaganiza kuti ndi matenda. Lachiwiri ndikuchokera kuntchito ndinapeza Bambo atagwada ndi ndowa, akuthira feteleza wa tirigu patsinde lililonse, mosamala ngati akudyetsa mwana. Anandiyang'ana akumwetulira.

“Mbewu zakozi zili ndi njala, Noelene. Sukuona?”

Mukudziwa inu kuti munthu ameneyu ndi amene ankatikalipira kumunda feteleza akaulukira kutchire, ankati zomera zakwathu zinazolowera dothi losauka, ukazidyetsa umazipha. Zimenezi ankazidziwa ngati dzina lawo. Ndinalowa m'bafa n'kukalira, iwo ali panja akuimba mluzu.

Si zokhazi ayi. Tsiku lililonse amakhala pabenchi paja n'kundifunsa kuti anadula mtengo wawo ndani. Ndikawauza kuti analamula okha, amati ndine wabodza. Chitofu achisiya choyaka kangapo. Adokotala akuti asamakhalenso okha masana, ndipo kunyumba yosamalira okalamba ya ku Murray Bridge kwapezeka malo. Akufuna yankho mwezi uno usanathe. Ine ndatopa, ndikuchita mantha, komanso ndakukwiyirani pang'ono, sindibisa. Sindingawatulutse ndekha m'nyumba imene anamanga ndi manja awo. Mutu umodzi susenza denga. Bwerani, tidzawauze tili awiri, akadali okuzindikirani.

Mundiperekere moni kwa alamu a Colleen ndi ana. A Stavros akuti moni. Bambo ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Iwo anati, “Umuuze Desmond atsike mumtengomo mayi ake asanamuone. Agwa mwana ameneyo.”

Ndawalonjeza kuti ndikuuzani.

Ndine mlongo wanu,
Noelene