Amene Anandiitana M'nkhungu

Achemwali a Esnat,

Ndiye nkhungu ija inatsika Lachiwiri m'mawa, yokhuthala moti ukanatha kuidula ndi chikwanje n'kukagulitsa pa Bvumbwe. Dzanja langa lomwe sindimaliona, koma tiyi ndimathyolabe, paja pa esiteti yonse ino palibe wothyola ngati ine. Pepani, ndayambira pakati. Muli bwanji ku Phalombeko? Mwendo wa amayi unaphwa? Ine ndili bwino, ndanenepa moti simudzandizindikira.

Ndibwerere m'mbuyo kuti mumvetse. Mukudziwa kuti kubetcha kandege ka pa foni kunandimaliza, mpaka njinga ya alamu inauluka nako. Tinkatchova awiri ndi mnzanga Jonas. Iyeyo mu Febuluwale anamupeza m'damu la kuseri kwa fakitale, malipiro ake onse atapita tsiku limodzi. Titaika maliro, a Sellah, mayi wamkulu m'gulu lathu la othyola, anandilanda foni n'kuimanga kunsonga kwa chitenje chawo. Anati ndiziipempha Lamlungu lokha, ndipo ndiziimba iwo ali pomwepo. Tsiku lolandira amandiika pakati ngati mkwati, azimayi asanu uku, asanu uku, a Sellah patsogolo, kudutsa pashopu yobetchera akuimba za kwaya mpaka kukandisiya pakhomo. Amuna akuno nsanje yake, eee!

Anayambitsanso china. Nkhungu ikatsika, iwo amaitana mayina mzere wonse, aliyense n'kuvomera, kuti wina asadzachokenso mwakachetechete ngati Jonas. Tilipo khumi ndi awiri. Womaliza ndine, kufupi ndi kanjira kotsikira kudamu.

Tsono Lachiwiri lija anaitana, tonse tinavomera. Kenako zii, ngakhale mbalame. Pamenepo ndinamva kaphokoso ka kandege kakunyamuka, chonsecho foni ili kutali m'chitenje, yozimitsa. Kenako mawu a Jonas, pakhutu penipeni, akuti lero kakwera osagwa, nditsike naye, kumunsiko foni ilipo. Ine mantha ayi, mukundidziwa. Koma miyendo inayamba kuyenda yokha. Tiyi wonyowa akundimenya m'chiuno, kutsogolo sindikuona kanthu, fungo la matope lokhalokha.

Chinandibweza ndi dzina langa. A Sellah anaona kuti kumapeto kwa mzere masamba asiya kulira, ndiye anandiitananso. Nditapanda kuvomera anayamba onse khumi ndi mmodzi, osapuma, mpaka kapitawo anasiya sikelo n'kubwera chothamanga poganiza kuti wina walumidwa ndi njoka. Anandigwira lamba wa dengu madzi atafika m'akakolo. Palibe anandikalipira. Anangondisuntha kundiika pakati pa mzere, ndipo mpaka lero ndili pomwepo. Tsiku limenelo ndinathyolabe makilo mazana awiri, sikelo inachita kupempha tchuthi.

Tsopano pempho langa. Mvula yatha, tiyi wachepa, ndipo pa 30 Meyi aganyu tonse atiimitsa. Gulu libalalika. A Sellah apita kwawo ku Khonjeni, ena ku Chimaliro. Tsiku limenelo adzandibwezera foni, malipiro ali m'thumba, ine ndekha pasiteji, shopu ija ikundiyang'ana. Chonde alamu abwere adzanditengere pageti. Asaope, ndalama adzasunge iwo, ndipo njinga yawo yatsopano sindidzaikhudza. Akakana, bwerani nokha. Kumudziko mundipezeretu anthu oti azindiitana dzina ndikangoti zii. Ngakhale kwaya ndilowa, bola mukawachenjeze kuti ndikawaposa onse.

Moni kwa amayi, amalume a Yona, alamu ndi ana. Anawo muwauze kuti ndikubwera ndi tiyi wokwana mudzi wonse mpaka Khirisimasi.

Ndine mchimwene wanu wotchuka uja,
Bizwick

Achemwali, ndisanamate envulopu, penapake ndanama. Za makilo zisiyeni, zimenezo n'zoona pang'ono. Koma mawu aja sanali a Jonas, ndangomunamizira malemu. Mzere wonse unawamva, ndipo a Sellah akuti anali mawu anga, ndikudziitana ndekha. Muwauze alamu asachedwe.